Chaka Chimene Ndinaotcha Dzungu la Mbewu

Go, go, go.

Ana inu, mukandiona ndakhala pa mpando uwu maso ali patali, musamanong'onezane kuti asikulu, agogo anu, agona chikhalire. Sindigona ayi, ndimakhala ndikumvetsera. Phokoso limene ndimamva si la munthu wogogoda pachitseko. Ndi ambuya anga, amene anabala amayi anga, atawerama m'munda nthawi ya masika, akugogoda dzungu ndi mfundo ya chala, mutu ataupendeketsa ngati nkhuku yomvera mphamba. Dzungu lanthete limayankha mogontha, dii, dii, ngati mimba ya mwana wokhuta phala. Lokhwima limati go, go, go, ngati bwato louma. Akamva choncho ankaweramuka, kugwira m'chiuno, n'kunena liwu limodzi lokha: "Ili."

Dzulo iwe Tiza unandiikira pa mbale kadzungu kako ka m'sitolo, kamene mukuti batanati, utakadula tizidutswa, kukapaka mafuta ndi tonunkhira, n'kukaotcha mu uvuni wa magetsi. Unati n'kodyera pambali pa nkhuku. Ndinadya ndipo kanakoma, usakwinye nkhope. Kungoti ine dzungu losanunkha utsi ndimaliona ngati gule wopanda ng'oma. Ndipo iwe Mabvuto, ndikudziwa kuti ukali ndi mkwiyo chifukwa ndinakumenya padzanja pamene unkakoka dzungu lija la pansi pa bedi langa kuti Tiza aliotchenso. Unati, "Asikulu, kanthu konyansa aka, ka njerewere thupi lonse, n'komenyera munthu?" Khalani pansi nonse. Mafoni anuwo agonekeni chafufumimba. Ndikuuzeni.

Ine ndinakulira m'mudzi waung'ono kufupi ndi Kavalamanja, m'mbali mwa Zambezi, m'zaka za m'ma 1950, azungu akali pa boma la Feira. Msewu woti mungautchule msewu kunalibe. Wofuna mchere kapena nsalu ankayenda pansi kupita kubomako, kunyamuka mbandakucha n'kukafika dzuwa lili pamutu, kapena ankakwera bwato, limene ife a kumtsinje timati mwadiya. Popita madzi ankakunyamula okha, koma pobwera amuna ankakankha ndi nsungwi m'mbalimbali mpaka mapewa kutupa, maso ali pa mvuu. Inu lero basi ikachedwa pang'ono mumayamba kudandaula ngati mwaferedwa.

Atate anga sindinawaone. Anawoloka mtsinje kukafuna ntchito ku migodi ya ku Rhodesia ine ndili kumsana, ndipo chimene chinabwerako ndi bulangeti lawo ndi uthenga. Amayi anga, a Malita, anamwalira ndi chifuwa ndili ndi zaka zisanu. Nkhope yawo inandithawa kalekale. Inu mumajambulana ngakhale pamene mukutafuna, koma ine ndilibe ngakhale mthunzi wa amayi anga. Chimene chinatsala m'mutu mwanga ndi manja awo okha: zala zotuwa ndi phulusa, zitagwira kachidutswa ka dzungu kofuka nthunzi, iwo akukauzira kuti kazizire, kenaka n'kundiika m'kamwa.

Atamwalira amayi ndinasiya kuyankhulayankhula. Sikuti ndinali wosayankhula, koma mawu ankandilemera kutulutsa. Anthu anandipatsa dzina loti Chete, ndipo dzina langa la ubatizo linatsala kwa abambo a ku mishoni okha. Mwana wosayankhula anthu amamuiwala kuti alipo, ndiye amaona zambiri. Ndinkadziwa nkhuku ya yani ikuikira m'nkhokwe ya yani, ndi mwamuna uti amene amati akupita kukaonjola mono koma akulowera kumowa. Sindinkauza munthu.

Ambuya anga sanandisimbirepo nthano ngakhale imodzi. Anali amfupi, ouma ngati nkhuni ya mupani, okonda fodya wa m'mphuno, ndipo lilime lawo linkacheka ngati bango. Chikondi chawo chinali m'manja, osati pakamwa. Ankandizula minga kumapazi akunditukwana kuti ndimayenda ngati mbuzi yakhungu. Tinkakhala awiriwiri m'kanyumba kamodzi, ndi mbuzi zisanu ndi imodzi m'khola la kuseri.

Tsono dzungu limene ndikunenali silinali la kwathu. Amayi anga anapatsidwa nthanga zake ndi apongozi awo a kutsidya, cha ku Zumbo, pamene anakwatiwa. Linali laling'ono, losaposa mutu wa mwana, lobiriwira motuwa, la njerewere, khoko lake lolimba moti mpeni unkaterereka. Masamba ake anali ndi mawanga oyera ngati wina wawazapo ufa. Kunja kunyansa, koma m'kati munali psuu, mouma ngati mbatata, motsekemera ngati mwathiridwa uchi. Maungu ena ndi ophika mumphika. Ili linabadwira phulusa.

Kaotchedwe kake kanali kotere, ndipo iwe Tiza tchera khutu. Masana, dzuwa litapendeka, ambuya ankasonkha moto wa mupani pabwalo n'kuusiya unyeke mpaka kutsale makala okhaokha. Ankafukula kadzenje pakati pa phulusa. Dzungu ankaliboola katatu ndi munga wa msangu, pafupi ndi kamchira kake, kuti lisaphulike. Ankaliika m'dzenjemo lathunthu, osalidula, kulikwirira ndi phulusa lotentha, makala pamwamba. Ndiye kudikira. Wotchi yathu inali mphuno. Poyamba pamamveka fungo la khoko lopserera, la khambi. Ukapirira, fungolo limatembenuka n'kukhala ngati la nzimbe yowauka. Pamenepo ankalasa ndi kabango; kakalowa kosakana, ndiye kuti lapsa. Ankalifukula lakuda bii, kuligogoda ndi msana wa mpeni, khoko n'kusweka, nthunzi n'kutuluka. Kamchere pang'ono, nthawi zina nsinjiro. Tikakhala ndi mwayi pambali pake pankakhala nsomba ya pende yowamba. Masika athu anali amenewo: mapira ali m'nkhokwe, masau akuyamba kufiira m'tchire, mphepo ya kumtsinje ikuzizira, manja ali otentha ndi dzungu.

Kwathu mbewu inali ndi malamulo ake. Sinkagulitsidwa. Mnzako akapempha unkamupatsa. Ndipo wolandira mbewu sankayamika: ankangofumbata dzanja n'kukhala duu, chifukwa akuluakulu ankati ukanena zikomo mbewu imachita manyazi, siimera. Inu mukuseka, koma ine mpaka lero sindinayesepo kuswa lamulo limeneli. Ambuya ankagawa nthanga za maungu ena, nyemba, mapira, chilichonse. Koma dzungu la njerewere ankakaniza kwamtuwagalu. Ankati mbewu yobwera ndi ukwati siituluka pakhomo. Kaya linali lamulo lenileni kaya analipeka okha, sindidziwa.

Pamenepa ndi pamene panayambira udani wawo ndi amake Zuze. Mayi ameneyu ankakhala kumtunda kwa mudzi, ndipo anali shamwali wa amayi anga, wotungira naye madzi, wosinja naye mtondo umodzi. Masiku a maliro a amayi, anthu onse ali pakhomo pathu, dzungu limodzi linasowa m'munda. Ambuya ankawadziwa maungu awo ngati ana, ndiye anazindikira. Wina anawanong'oneza kuti anaona amake Zuze akutuluka m'mundamo atafumbatira kanthu m'nsalu. Ambuya sanapite kukafunsa mwakachetechete ayi. Anadikira pa dooko, pamene akazi onse amachapa, n'kukuwa kuti, "Fisi wa pamaliro uyo! Mnzake sanazizire n'komwe, iye ali kale m'munda!" Amake Zuze analumbira pamaso pa anthu, kuloza kumwamba, kuti sanakhudze dzungu la munthu. Kuyambira tsiku limenelo awiriwo sanapatsanenso moni, ndipo amake Zuze anasiya kudutsa njira ya pakhomo pathu. Popita kumtsinje ankazungulira kutali, kumanda.

Ine ndinkadziwa zoona zake. Chaka chotsatira, ndikulondola mbuzi yosochera kumtunda, ndinalowa m'mapira a amake Zuze. Pakati penipeni, pa chulu chosaoneka kunjira, ndinapeza masamba a mawanga oyera atayanga. Ndinaima nthawi yaitali. Chaka chinacho ndinapitanso dala, ndipo analipo. Chinanso analipo. Sindinauze ambuya, chifukwa ndinkadziwa kuti akanatenga khasu n'kukagwetsa mudzi wonse. Ndinasunga m'mimba ngati mmene ndinkasungira zina zonse.

Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, dzinja linabwera moipa. Mvula yoyamba inatinyenga, mbewu zinamera n'kupserera, ndipo ambuya anabzalanso ndi nthanga zonse zimene zinatsala. Kenaka Zambezi anadzaza kuposa mmene akuluakulu ankamudziwira. Madzi anakwera usana ndi usiku, ofiira, atanyamula mitengo yathunthu ndi madenga a anthu a kumtunda kwa mtsinje. Munda wathu unali m'munsi. Unamira wonse. Madzi ataphwa tinapeza matope okhaokha ndi nsomba zakufa m'mizere.

Koma nthanga imodzi ambuya anali ataiponya padzala, kuseri kwa khola. Inamera, n'kukwera mpanda, n'kuyanga padenga la khola pamene mbuzi sizikanafika. Inabala dzungu limodzi lokha. Ambuya ankapita kukaliona m'mawa uliwonse asanasukusule. Tsiku lina anakwera pa mtondo, naligogoda. Go, go, go. Analithyola ndi manja awiri n'kukaliika pansanja m'nyumba, pamwamba pa malo awo ogona.

"Chete, ukuliona ili?"

Ndinagwedeza mutu.

"Ili si lodya. Ngakhale njala ikulume bwanji. Umu muli amako."

Dzungu la mbewu ambuya sankalitumbula msanga. Ankati nthanga zimakhwimira m'mimba mwa make, ndiponso m'menemo makoswe sazipeza. Ankalisunga lathunthu nyengo yonse yozizira, n'kudzalitumbula chilimwe, nthanga n'kuziyanika. Tsono ntchito imeneyi ankaichita masana ine ndili kubusa. Ine wopenya zonse, ichi chokha sindinachionepo.

Mwezi wa Juni ambuya anagwidwa ndi malungo. Chaka chimenecho udzudzu unali wochuluka chifukwa cha zithaphwi zimene madzi anasiya. Anagona pamphasa masiku asanu ndi limodzi, akunjenjemera pansi pa bulangeti lija la atate. Akazi a m'mudzi ankabwera ndi phala, la mapira, la malambe, koma ambuya ankaluma mano n'kutembenukira kukhoma. Tsiku lachisanu ndinamva akazi awiri akunong'onezana pakhonde, ataiwala monga mwa nthawi zonse kuti ndili pomwepo. Wina anati, "Awa akutsatira mwana wawo. Munthu wosadya sachira." Mnzake anati, "Nanga kamwanaka adzakatenga ndani?"

M'mawa mwake, akazi atapita kumadimba, ambuya anatsegula maso n'kundiyang'ana. Sanandione ine.

"Malita," anatero, "dzungu lija lapsa?"

Ndinasendera pafupi ndi mphasa.

"Malita, ndikumva njala. Fukula, lipserera."

Ana inu, m'mudzi monse munalibe dzungu lina limene ndikanapempha. Ochepa amene anapulumuka madzi anali atadyedwa kale. Ndinayang'ana pansanja. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti ndi la mbewu. Koma ndinaganiza mwa nzeru zanga za umwana, ndipo ndinaona ngati ndaganiza mochenjera. Nthanga zokazinga pa phale zimafa chifukwa zimakhudza moto, n'chifukwa chake zimafiira. Koma za m'dzungu lootcha ndinkaziona zikutuluka zoyera mbee, monga zinalili. Ndiye kuti moto umathera pakhoko, sufika m'kati. Ambuya adya dzungu, ine ndisunga nthanga, palibe chotayika. Sizinandifikire m'mutu kuti ndiyambe ndalidula n'kuchotsa nthangazo, chifukwa chibadwire sindinaonepo dzungu la njerewere likulowa m'phulusa lodula.

Ndinakwera pa mtondo n'kulitsitsa. Ndinachita zonse monga ndinkaonera. Nkhuni za mupani, makala, kadzenje. Munga wa msangu, katatu. Ndinakhala pambali pa phulusa dzuwa likuyenda, mphuno ili tcheru. Fungo la khambi linabwera n'kupita. Litafika la nzimbe, misozi inangoyamba kutsika yokha, chifukwa fungo limenelo linali la manja aja. Ndinalasa ndi kabango, kanalowa. Ndinaswa khoko, ndinakokolola nthanga zonse mosamala n'kuziika palichero, osadyako ngakhale imodzi. Kenaka ndinalowa m'nyumba, ndinatapa kachidutswa ndi zala, ndinauzira, n'kuwaika ambuya m'kamwa.

Anatafuna. Anameza. Anatsegulanso pakamwa ngati kamwana ka mbalame. Anadya theka lonse tsiku limenelo, ndipo lotsalalo anamaliza mawa lake. Kaya ndi dzungulo linawachiritsa, kaya malungo anali atatopa okha, Mulungu ndiye adziwa. Koma tsiku lachitatu anadzuka, anakhala tsonga, n'kupempha fodya wawo. Atanunkhiza anakweza maso pansanja.

"Chete."

"Ambuya."

"Dzungu lili kuti?"

Ndinathamanga kukatenga lichero padenga pamene ndinayanika nthanga. Ndinabwera nalo monyadira, ndikuyembekeza kuti mwina lero andiyamikira.

"Munadya ndinu, ambuya. Koma nthanga ndasunga zonse. Palibe yotayika."

Anatola imodzi. Anainunkhiza. Anailuma ndi mano a kutsogolo, n'kuyang'ana m'kati mwake.

"Unaliotcha lathunthu?"

"Monga mumachitira."

Sanakuwe. Ambuya amene ankakuwa nkhuku ikangolowa m'nyumba, tsiku limenelo sanakuwe. Anaika lichero pansi pang'onopang'ono, anayang'ana kukhomo, n'kunena motsitsa mawu, osati kwa ine koma kwa mphepo: "Mwana wanga ndamuika kawiri."

Bwenzi atandimenya. Mkwapulo umapola.

Sindinavomere msanga. Ndinatenga nthanga zija n'kupita nazo kudimba, kumene chinyontho chimakhala chaka chonse. Ndinakumba maenje, ndinathira manyowa a mbuzi, ndinabzala zitatuzitatu. Ambuya anandiona koma sanandiletse. Paja amati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imfotere yekha. M'mawa uliwonse ndisanatsegulire mbuzi ndinkathirira ndi chikho. Sabata inatha, yachiwiri, yachitatu. Udzu unamera, bonongwe anamera, koma pa maenje anga panali zii. Nkhani inali itamveka m'mudzi, ndipo anyamata anzanga, Zuze akutsogolera, ankandikuwiza kubusa: "Chete, mawa ukabzale nsomba yowamba, tidzakolole pende!"

Tsiku lina ndinafukula dzenje limodzi ndi zala. Ndinapeza makoko ofewa, akuda, onunkha. Ndili chigwadire choncho ndinamva fungo la fodya kumbuyo kwanga. Ambuya anali ataima ndi ndodo yawo, akali ofooka. Anayang'ana m'manja mwangamo nthawi yaitali.

"Unaliboola kangati?"

"Katatu."

"Ndi chiyani?"

"Munga wa msangu."

"Hm. Linapsa bwino," anatero. "Tiye kunyumba, dzuwa lakula."

Kwa ambuya anga kumeneko kunali kukhululuka, ndipo ndinakumva. Koma kukhululuka sikumeretsa mbewu. Kuyambira nthawi imeneyo ndinkawapeza ataima kuseri kwa khola, akuyang'ana padenga pamene panatsala zingwe zouma za dzungu lija. Akazi ena anawabweretsera nthanga za maungu wamba kuti adzabzale padzalapo. Analandira mwaulemu n'kuziika kumunda, koma padzala anati pakhale choncho. Ine ndinayamba kuopa kuti masika akadzabwera popanda fungo lija, ngakhale manja a amayi adzandithawa monga inandithawira nkhope.

Ndinalimbana ndi mtima wanga miyezi iwiri. Ndinkadziwa kumene kunali nthanga zamoyo, pakuti munda wa amake Zuze unali kumtunda ndipo madzi sanaufike. Koma kupita kumeneko kunali kuuza munthu wamkulu, wolumbira pamaso pa mudzi, kuti ananama. Ndiponso kunali kuponda pakhomo pamene ambuya anandiletsa. Ndinaganizapo zokaba, koma nthanga zinali m'nyumba mwawo, ndipo mawu oti fisi ndinali nditawamva mmene amapwetekera.

Mu Okutobala, kutentha kwa kwathu kuja kumene ngakhale abuluzi amabisala, nyenje zikulira m'mitengo ngati zikutsekula mutu, ndinasiya mbuzi pamthunzi n'kukwera kumtunda. Ndinapeza amake Zuze ali okha pansi pa mtengo, akusinja masau ouma. Anali mayi wamtali, wa mphini m'masaya. Ndinaima patali pang'ono, manja kumbuyo. Anasinja, anasinja, ngati sanandione.

"Ngati ukufuna Zuze, ali kumtsinje."

Ndinapukusa mutu.

"Watumidwa?"

"Iyayi."

"Nanga waimiranji pamenepo ngati chitsa? Yankhula, iwe wootcha mbewu. Kapena wabwera kudzaotchanso mapira anga?"

Mawu onse amene ndinakonza m'njira anabalalika, panatsala amodzi.

"Masamba."

"Masamba a chiyani?"

"A mawanga oyera. Pa chulu, pakati pa mapira anu."

Munsi unaima m'mwamba. Anautsitsa pang'onopang'ono n'kuutsamira. Anayang'ana uku ndi uku, kenaka anandiyang'ana ine.

"Wauza ndani?"

"Palibe."

"Unawaona liti?"

"Chaka chija chotsatira maliro. Ndi chinacho. Ndi chinanso."

"Zaka zonsezi uli nazo m'mimba? Ngakhale ambuya ako?"

Ndinagwedeza mutu.

"Amako anali wolongolola ngati mpheta," anatero. "Sindidziwa kuti iwe anakutola kuti." Kenaka nkhope yawo inaumanso. "Ukudziwa chimene ukupempha? Ambuya ako ananditcha fisi pa dooko, akazi onse akumva. Ine ndinaloza kumwamba. Manje ufuna nditsike ndikanene kuti fisi uja ndine? Zuze adzayenda bwanji m'mudzi muno?"

Ndinangoti, "Ndayamba kuiwala."

"Kuiwala chiyani?"

"Amayi."

Anatembenuka msanga n'kugwira munsi. "Choka. Pano palibe dzungu la munthu. Choka, mbuzi zako zikulowa m'madimba a eni ake."

Ndinatsika. Kumbuyo kwanga sindinamvenso mtondo ukulira.

Panapita masabata angapo. Ndikakumana nawo panjira ankayang'ana kumbali. Ndinadziuza kuti zatha, ndipo ndinayamba kudziphunzitsa kukhala wopanda. Mitambo inayamba kuunjikana madzulo cha ku mapiri a kutsidya, kung'anima popanda kugwa. Kenaka tsiku lina inagwa, yamphamvu, yozimitsa lupsa. Inu a m'tauni simulidziwa fungo la nthaka ya kuchigwa ikamwa madzi oyamba; munthu umafuna kuitapa n'kudya.

Kutacha, mudzi wonse unali piringupiringu, makasu pamapewa, ana akutola inswa. Ambuya anali pakhonde akusankha mapira a mbewu palichero. Ine ndinapita kuseri kukatsegulira mbuzi, ndipo ndinaima padzala paja. Dothi lake linali lakuda, lofewa, lofuka nthunzi, lokonzeka, koma lopanda choikamo.

Ndinamva mapazi panjira ya pakhomo pathu. Anali amake Zuze, mtsuko uli pamutu, akuyenda njira imene sanaiponde zaka zinayi. Sanazembe. Anadutsa pabwalo penipeni, pamaso pa ambuya. Lichero la ambuya linaleka kugwedera, koma sanadzutse mutu. Amake Zuze anafika pamene ndinaima, anapisa dzanja m'chiuno, natulutsa kansalu kakuda komanga mfundo. Anagwira dzanja langa, anaikamo, n'kupinda zala zanga ndi zawo. M'katimo munachita tseketseke, mouma, mopepuka.

"Amako anandiuza okha ali pamphasa kuti ndikathyole limodzi," anatero, mokweza kuti a pakhonde amve. "Ndinaopa pakamwa pa ambuya ako, ndiye ndinanama. Akakufunsa kuti wazitenga kuti, uwauze kuti fisi uja anasunga."

Ndinatsegula pakamwa. Ine amene mawu ankandilemera, tsiku limenelo anadzaza mpaka kukhosi. Koma anandigwira milomo ndi chala chonunkha utsi.

"Iwe, usayerekeze. Zaka zonsezi uli chete, ufuna uyankhule lero? Mbewu sayamika."

Anakonza nkhata pamutu, anatembenuka, nadutsanso pabwalo paja osayang'ana kumbali, kulowera kumtsinje.